Bomba Silikalamba: Phunziro la Zida Zakale za Nkhondo

Amayi anzanga, phunziro la ulendo uno ndi la nkhani imene sitiikamba kawirikawiri pa misonkhano yathu. Tikambirana za mabomba, zipolopolo ndi zida zina zakale za nkhondo zimene zimapezeka m'munda, mumtsinje ngakhalenso kudenga kwa nyumba, ndi mmene zimawonongedwera kuti pasafe munthu. Ndikudziwa kuti wina afunsa kuti, "Nanga ife a ku Katowo zikutikhudza pati, poti kuno sikunagwe mabomba?" Funsolo n'loyenera. Koma taganizani. Kodi ndani amakhala nthawi yaitali ndi khasu m'manja? Ndani amapita kunkhuni kutchire? Nanga mwana akatola kanthu kachilendo, amathamangira kukaonetsa ndani? Ndi ife amayi. Tsiku limene chinthu chotere chidzapezeke m'mudzi mwathu, woyamba kunena kuti "chisiye pomwepo" kapena "tabwera nacho tione" adzakhala mmodzi wa ife, ndipo miyoyo ya anthu idzadalira mawu amenewo.

Mfundo ya phunziroli ndi imodzi. Bomba likachita dzimbiri silinafe. Kunja limaoneka ngati chitsulo chotha ntchito, koma mankhwala ali m'katimo amasunga mphamvu zake zaka zambirimbiri, ndipo nthawi zambiri kukhalitsa kumaliwonjezera ukali. Kuliwononga ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa. Gawo lathu ndi maola aja a pakati, kuyambira pamene lapezeka kufikira pamene eni ntchito afika. Kwa ife amene tili kutali ndi boma la Rumphi, makamaka nthawi ya mvula msewu wa ku Bolero ukavuta, maola amenewo akhoza kukhala ambiri.

Zinafika bwanji m'dera lathu lino?

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, inamenyedwa pafupi nafe kuposa mmene ambiri timaganizira. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani ochokera ku Tanganyika anamenyana ndi asilikali a Angelezi ku Karonga, ndipo manda a ena amene anafa tsiku limenelo alipobe mpaka lero. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya tengatenga, kusenza chakudya ndi mabokosi a zipolopolo pamutu kudutsa m'mapiri ndi m'nkhalango. Mu Novembala 1918 gulu la Ajeremani lotsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck linalowa kumpoto kwa Zambia, n'kukagonjera ku Abercorn, kumene lero timati ku Mbala, ndipo zida zawo zina zinatayidwa m'nyanja yaing'ono ya Chila. Paliponse pamene asilikali adutsa, pamatsala zogwa, zokwiriridwa ndi zoiwalika.

Chachiwiri ndi nkhondo za ku Mozambique, yomenyera ufulu imene inayamba mu 1964, ndi yapachiweniweni ya pakati pa 1977 ndi 1992. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira kuno ku Malawi, makamaka ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mulanje. M'malire monsemo munatcheredwa mabomba okwirira pansi, ndipo mfuti ndi zipolopolo zinawoloka malire mobisa. Chachitatu ndi cha kwathu konkuno. Mu Disembala 1993, a Payoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, gulu la nkhondo linayamba kuwalanda zida a Malawi Young Pioneers pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Ambiri anathawa ndi zida zawo, ndipo pambuyo pake malo 33 amene ankaphunzirirapo anakayikiridwa kuti mwina panatsala zophulika.

Boma lathu linasaina pangano la ku Ottawa loletsa mabomba okwirira mu 1997 n'kulivomereza mu 1998. Mu 2007 bungwe la Norwegian People's Aid linathandiza kufufuza malo okayikitsawo, ndipo mu 2008 Malawi analengeza kuti wamaliza ntchito imene panganolo linkafuna. Zambia analengeza zomwezo mu 2009, Mozambique mu Seputembala 2015. Imeneyi ndi nkhani yabwino, koma tiimvetse bwino. Kulengeza kumeneku kukutanthauza kuti malo onse odziwika anayeretsedwa. Sikukutanthauza kuti m'nthaka monse mulibe bomba loponya pamanja limene wina anakwirira usiku osauza munthu. Ku Mozambique komweko, atalengeza kale, malo ena ang'onoang'ono anapezekabe ali ndi mabomba.

Kuno ku Hewe tili ndi zathu zimene timazidziwa ngakhale sitizitchula poyera. Tili m'malire ndi Zambia, njira zodutsa ndi zambiri. Tili pafupi ndi Vwaza ndi Nyika, ndipo mfuti za gogodela, wonga wake ndi zipolopolo za alenje ozembera zimabisidwa kudenga, m'nkhokwe kapena pansi pa mtengo. Mabanja ena anali ndi agogo amene anapita ku nkhondo ndi gulu la KAR ku Ethiopia kapena ku Burma, ndipo m'sutikesi yakale mukhoza kupezeka "chikumbutso" chimene mwini wake anamwalira osanena kuti n'chiyani.

Chifukwa chiyani lakale ndi loopsa kuposa latsopano?

Bomba lili ngati moto wa pamafuwa. Pali nkhuni zazikulu zimene siziyaka msanga, ndiye pali kamtengo ka machesi kamene kamayaka ndi kukhudza pang'ono chabe. Mankhwala ambiri odzaza m'mimba mwa bomba ndiwo nkhunizo. Kumutu kapena kumchira kuli kachipangizo koyatsira, kamene asilikali amati fyuzi, ndipo m'menemo muli mankhwala ochepa koma osachedwa kupsa mtima. Bomba likakhala latsopano, kachipangizoka kamamangidwa ndi tizitsulo ndi tisipuling'i toletsa kuti kasayake nthawi isanakwane. Likaponyedwa, zomangirazo zimamasuka. Tsono bomba limene linaponyedwa koma osaphulika lili ngati msampha wa mbewa wotchera kale, umene wangotsala kukhudzidwa.

Zaka zikamapita, dzimbiri limadya tizitsulo toletsa tija. Mankhwala ena amasakanikirana ndi chitsulo n'kupanga timibulu tonga mchere timene timaphulika ndi kukhulana kokha. N'chifukwa chake bomba limene mwana analigubuduza dzulo osaphulika likhoza kuphulika lero atangolitembenuza. Mawu akuti "takhala nalo zaka zonsezi, silichita kanthu" apha anthu ambiri. Kutentha nakonso ndi mdani. Taganizani za mwezi wa Okutobala pamene ana akutentha tchire posaka mbewa, kapena pamene tikuwotcha mapesi pa nazale ya fodya. Chilichonse chokwiririka pamwamba pa nthaka chimaphikidwa ndi moto umenewo.

Ku Belgium ndi ku France, kumene nkhondo yoyamba inakula kwambiri, alimi amafukulabe mabomba chaka ndi chaka polima, ndipo asilikali a ku Belgium okha amatolera matani oposa 100 pa chaka. Mu Malichi 2014, patatha zaka pafupifupi 100, bomba la nkhondo imeneyo linapha anthu awiri ogwira ntchito yomanga ku Ypres. Ku Uganda, m'boma la Kasese, mu 2011 ophunzitsa za mabomba anapeza kuti sukulu ina ya pulaimale inkaimba bomba ngati belu, kulimenya ndi mwala poitana ana. Aphunzitsiwo sanali opusa ayi. Anangoona chitsulo cholira bwino. Ifenso tikhoza kuona chitsulo choyenera kukhala fuwa, chosulirapo makasu, kapena chotsekera chitseko cha khola. Ndipo masiku ano kuli ogula zitsulo zakale amene amayenda ndi sikelo m'misika, ana athu n'kumatola chilichonse cholemera kuti apeze ya mandasi. Apa ndi pamene mtima wanga umada nkhawa kwambiri.

Ngakhale asilikali enieni zida zakale zimawatembenukira zikasungidwa nthawi yaitali. Pa 22 Malichi 2007 nkhokwe ya zida ya Malhazine ku Maputo inaphulika nthawi yotentha, mabomba n'kugwera m'nyumba za anthu, ndipo anafa oposa 100. Ku Dar es Salaam zinachitika kawiri, ku Mbagala mu 2009 ndi ku Gongo la Mboto mu 2011. Ngati nkhokwe yolonderedwa ndi asilikali ingatero, nanga denga la udzu pamwamba pa moto wa kukhitchini?

Mmene akatswiri amaliwonongera

Katswiri akafika sathamangira kunyamula. Amayamba waliyang'ana ali patali kuti adziwe mtundu wake, ndi kuona ngati kachipangizo koyatsira kalipo komanso ngati linaponyedwapo kale. Akaona kuti n'loopsa kulisuntha, amaliwonongera pomwepo. Amachotsa anthu ndi ziweto, amaunjika matumba a mchenga mozungulira kuti zidutswa zisauluke kutali, amaika kabomba kena kakang'ono pambali pake mosalikhudza, kenaka amakaphulitsa ali pobisalira patali kudzera pa waya wautali. Akatha amadikirabe kanthawi asanayandikire, n'kufufuza ngati palibe chotsalira. Mabomba amene angathe kusunthidwa amawatengera kumalo opanda anthu, kuwaika m'dzenje ndi kuwaphulitsa pamodzi pa nthawi yolengezedwa. Zipolopolo zing'onozing'ono amaziwotcha m'ng'anjo yachitsulo yotsekeka, momwe zimathetheka ngati chimanga chokazinga koma osatulukira kunja.

Anthu akauzidwa kuti achoke m'nyumba zawo amadandaula, ena amabwerera mozemba kuti akaonerere. Tamvani izi: mu Seputembala 2017 ku Frankfurt, m'dziko la Germany, anasamutsa anthu oposa 60,000, kuphatikizapo odwala m'zipatala, chifukwa cha bomba limodzi lokha la nkhondo yachiwiri. Ndipo mu 2010 ku Göttingen akatswiri atatu odziwa bwino ntchito yawo anafa bomba litaphulika akukonzekera kulizimitsa. Ngati amene anaphunzira amafa nalo, mnyamata wa hamala ndi tchizulo amene akufuna kuchotsamo wonga wophera nsomba angapulumuke bwanji?

Kuyeretsa munda wa mabomba okwirira ndi ntchito ya kugwada. Munthu amayenda ndi makina ofufuzira chitsulo m'kanjira kopapatiza, akamva kulira amagwada n'kupalasa dothi pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, ndipo kawirikawiri amapeza msomali chabe. Bungwe la HALO Trust linawononga mabomba oposa 171,000 ku Mozambique m'zaka zoposa 20, ena mwa iwo m'chigawo cha Tete, kuzungulira damu la Cahora Bassa ndi m'malire a Zimbabwe. Bungwe lina, la APOPO, linagwiritsa ntchito makoswe akuluakulu a kutchire ophunzitsidwa ku Morogoro, ku Tanzania, amene amanunkhiza mankhwala a bomba koma ndi opepuka moti saliphulitsa.

Pa nkhani ya mfuti zobisidwa m'midzi, mpingo wathu uli ndi mbiri yoti tiidziwe. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa dayosizi ya Lebombo, pamodzi ndi bungwe la mipingo ya chikhristu ku Mozambique, anayambitsa ntchito yotchedwa kusandutsa zida kukhala makasu, potengera Yesaya 2:4. Munthu akaulula kapena kupereka mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula kuti zisadzagwirenso ntchito, zophulika n'kuzisiya m'manja mwa odziwa kuziphulitsa. Zidutswa zina amisiri anaziwotcherera n'kupanga zosema, ndipo chimodzi, chooneka ngati mtengo waukulu, chinaikidwa ku British Museum ku London mu 2005. Chimene ndimachikonda pa ntchito imeneyi n'choti anazindikira chinthu chimene chimasungitsa zida m'nyumba. Si nkhanza nthawi zonse ayi. Nthawi zambiri ndi mantha ndi umphawi.

Mabomba a poizoni

Pali mtundu wina wa zida umene suwonongedwa ndi kuphulitsa poyera, chifukwa m'kati mwake muli poizoni wamadzi kapena wampweya. Zida zoterezi zinayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri pa 22 Epulo 1915, pamene Ajeremani anatulutsa mpweya wa kolorini ku Ypres. Mu 1917 kunabwera poizoni wina wotchedwa mustard, wamafutamafuta, wonunkha ngati adyo. Pa nkhondo imeneyo anthu pafupifupi 90,000 anafa ndi poizoni. Kuno ku Africa, dziko la Italy linathira mustard pa anthu a ku Ethiopia mu 1935 ndi 1936. Mu Malichi 1988 boma la Iraq linapha anthu pafupifupi 5,000 m'tauni ya Halabja, ambiri mwa iwo amayi ndi ana.

Malawi sanapangepo zida zotere, koma nkhani imodzi ya ku China ili ndi phunziro lotikhudza. Mu Ogasiti 2003, mu mzinda wa Qiqihar, omanga nyumba anafukula migolo isanu yadzimbiri imene asilikali a Japan anasiya mu 1945. Mgolo wina unabooka, madzi ake n'kulowa m'dothi. Migoloyo inagulitsidwa kwa ogula zitsulo amene anaidula, ndipo dothi lija linatengedwa kukathira m'mabwalo, kuphatikizapo pasukulu. Munthu mmodzi anamwalira, ena 43 anavulala, ena mwa iwo ana. Vuto la mustard n'loti sapweteka nthawi yomweyo. Munthu amamukhudza, n'kupitiriza ntchito, kugwira ana, kudya. Patapita maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu, maso amafiira ndi kutupa, khungu limatuluka matuza akuluakulu ngati wapsa ndi madzi otentha, makamaka m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo kupuma kumavuta. Pofika pamenepo poizoni walowa kale.

Kale maiko ankangotaya zida zimenezi m'nyanja. Nkhondo yachiwiri itatha, matani ambirimbiri anamizidwa m'nyanja ya Baltic, ndipo asodzi a kumeneko akhala akukoka zibuma za mustard m'maukonde awo n'kupsa nazo manja. Kukwirira kapena kumiza sikuwononga poizoni. Ndi kungosiyira adzukulu. N'chifukwa chake pangano loletsa zida za poizoni, limene linayamba kugwira ntchito pa 29 Epulo 1997, limaletsa kuzitaya m'madzi, kuzikwirira ndi kuziwotcha poyera. Maiko 193 ali m'panganoli, Malawi analowamo mu 1998, ndipo bungwe loyang'anira la OPCW, limene lili ku The Hague, linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2013.

Nanga amaziwononga bwanji? Bomba lokayikitsa amayamba alijambula ndi ekisile, monga timachitira ndi chifuwa cha wodwala, kuti aone ngati muli madzi m'kati. Pali makina enanso odziwa mtundu wa poizoni popanda kulitsegula. Kenaka amaliika m'chimphika chachitsulo chochindikala kwambiri, chotsekeka mosatulutsa mpweya, n'kuling'amba ndi kabomba kakang'ono momwemo. Akatero amathiramo mankhwala osungunula poizoniyo mpaka atasanduka madzi oipa wamba onga otuluka m'fakitale. Njira ina ndi kulitenthetsa m'chipinda chachitsulo mpaka litaphulika lokha, utsi wake n'kuwotchedwanso ndi kusefedwa kangapo usanatuluke. Kumene poizoni anali wambiri m'migolo, ankamuwotcha m'ng'anjo zotentha kuposa madigiri 1,000, kapena kumusakaniza ndi madzi otentha ndi soda uja woyabwa amene ena amapangira sopo. Ku Pueblo, m'dziko la America, madzi otsalawo ankawapereka kwa tizilombo tosaoneka ndi maso kuti timalize kuwadya. Mu 2014 poizoni wa ku Syria wokwana matani pafupifupi 600 anasungunulidwa m'sitima yotchedwa Cape Ray ili pakati pa nyanja ya Mediterranean.

Mu Julayi 2023 bomba lomaliza la zida zonse zimene maiko anaulula linawonongedwa ku Kentucky, ku America. Zonse pamodzi zinaposa matani 72,000, ndipo ntchitoyo inatenga zaka zoposa 25. Koma zokwiririka zakale zikufukulidwabe ku Belgium, ku Germany ndi ku China, ndipo chilichonse chikapezeka chimafuna chisamaliro chomwecho.

Apa ndiloleni ndipatuke pang'ono ngati namwino. Poizoni woopsa kwambiri wa nkhondo, monga sarin, ndi pachibale ndi mankhwala ena ophera tizilombo m'munda. Katswiri wa ku Germany, Gerhard Schrader, anatulukira woyamba wa mtundu umenewu mu 1936 akufufuza mankhwala ophera tizilombo. Tameki ndi mankhwala ena opopera fodya ndi ndiwo zamasamba amagwira thupi m'njira yofanana: kamwana ka diso kamachepa ngati kansonga ka singano, malovu ndi thukuta zimangotuluka, munthu amasanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera, chifuwa kudzaza madzi. Kuchipatala timapereka jakisoni wa atropine, yemweyo amene asilikali amapatsidwa. Tsono botolo lakale lopanda chizindikiro limene lili m'chigafa kapena pansi pa bedi tilione ndi diso lomwelo. Tisalikwirire pafupi ndi chitsime, tisalikhuthulire mumtsinje, tisaliwotche, ndipo tisasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Alangizi a zaulimi ndiwo njira yathu yofikira ku bungwe la boma loona za mankhwalawa, la Pesticides Control Board.

Tikachipeza, titani?

Choyamba ndi kuima. Osachikhudza, osachitokosa ndi ndodo, osachiponya mwala, osachithira madzi, osachikwirira. Bwererani njira yomwe munadzera, poponda pomwe munaponda. Ngati chili kale m'manja mwa mwana, musakuwe mwadzidzidzi, chifukwa mwana wodzidzimuka amaponya. Mulankhuleni modekha kuti achiike pansi pang'onopang'ono, ndipo nonse muchoke. Ngati chapezeka m'nyumba, tulukani nonse ndi kuchisiya momwemo. Musachinyamule kupita nacho kwa amfumu kapena kupolisi. Anthu ena amachita zimenezi ndi mtima wabwino, kuchimanga pa kaliyala wa njinga n'kudutsa nacho pamsika wodzaza anthu, m'msewu wa mabampu.

Ikani chizindikiro patali ndithu, osati pa chinthucho. Mitengo iwiri yopingasa, mulu wa miyala kapena kansalu kofiira pa nthambi n'zokwanira. Anthu atalikire mamita osachepera 300, kutanthauza mabwalo a mpira atatu, ndipo ngati chinthucho n'chachikulu apitirire pamenepo. Musaime poti mukuchiona, pakuti chimene mukuchiona nachonso zidutswa zake zikhoza kukufikani. Foni muimbire muli patali. Uzani amfumu ndi apolisi, ndipo apolisi ndi amene amaitana asilikali odziwa ntchitoyi. Fotokozani malo, kukula kwake, maonekedwe ake, ndi ngati wina wachisuntha. Kenaka pakhale akuluakulu osinthana kulondera njira zolowera kumaloko, aphunzitsi auzidwe, abusa a ng'ombe ndi mbuzi auzidwe, ndipo pasayatsidwe moto kufikira eni ntchito atabwera. Akachedwa, bwererani kukakumbutsa. Kuchedwa kwawo si chilolezo choti tichite tokha.

Ngati chikutuluka madzi, utsi kapena fungo lachilendo, thawirani kumene mphepo ikuchokera ndiponso kumtunda, chifukwa mpweya wa poizoni umatsikira m'zigwa. Amene wakhudza avule zovala msanga. Ndi bwino kuzidula kusiyana ndi kuzivulira kumutu. Asambe ndi madzi ambiri ndi sopo mosakhula khungu, maso atsukidwe ndi madzi oyera kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala ngakhale akumva bwino. Wothandizayo avale mapepala a pulasitiki m'manja. Zovalazo zimangidwe m'jumbo, zisachapidwe pamodzi ndi za ana. Wamwa poizoni musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye kuchipatala, botolo lake mutatenga.

Likaphulika, mtima wa mayi umafuna kuthamangira kwa wovulalayo. Yambani mwayang'ana, chifukwa pamene panali limodzi pakhoza kukhala lachiwiri. Mukamufika, chimene chimapha msanga ndi kutaya magazi. Pindani chitenje choyera, dinikizani pabala mwamphamvu osasiya, chikanyowa onjezerani china pamwamba osachotsa choyambacho. Ngati mkono kapena mwendo waduka ndipo magazi sakuleka, mangani nsalu yotambalala pamwamba pa bala, pyolezani kamtengo n'kupotokola mpaka magazi ataima, ndipo kumbukirani nthawi imene mwamangira kuti mukauze a chipatala. Chitsulo chimene chalowa m'thupi musachizule. Musathire dothi, fodya kapena mankhwala a zitsamba pabala, kuopa kafumbata. Mufunditseni, musamupatse chakudya kapena madzi popeza mwina akachitidwa opaleshoni. Amene anali pafupi koma alibe bala nayenso akapimidwe, chifukwa mphepo ya bomba imang'amba makutu ndi mapapo m'kati, zizindikiro n'kudzaoneka mochedwa. M'zaka zanga za unamwino ndinasamalirapo ana oduka zala ndi ena otayika diso, osati chifukwa cha bomba lalikulu, koma chipolopolo chimodzi chimene anachiponya pamoto kuti amve kulira kwake.

Chovuta kwambiri ndachisiyira kumapeto. Nthawi zina chinthucho sichipezeka kutchire. Chimapezeka kudenga kwa nyumba yathu yomwe, ndipo mwini wake ndi bambo a m'nyumba, mlamu kapena mwana wathu. Mayi amaopa kuti akanena, munthu wake amangidwa, iye n'kutchedwa wopereka mwamuna wake kwa apolisi. Mantha amenewa ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu m'dziko lino. Koma wonga umene uli pamwamba pa moto wophikira, m'nyumba yogona ana, sudikira kuti banja ligwirizane. Mayi wotere asasenze yekha. Apite ndi mnzake wodalirika kwa ankhoswe, kwa abambo a mpingo kapena kwa amfumu, kuti akuluakuluwo alankhule ndi mwini wake ndipo akhale iwo ofikira apolisi. Kuulula wekha kudzera mwa amfumu n'kosiyana ndi kugwidwa nazo, ndipo n'kosiyana kwambiri ndi kuika maliro.

Pa msonkhano wotsatira, gulu lililonse likambirane zinthu izi ndi kulemba mayankho m'buku la mlembi. Kodi nambala ya foni ya apolisi a kufupi ndi ya amfumu ili ndi ndani pakati pathu? Wovulala usiku tingamunyamule pa chiyani kupita kuchipatala cha Katowo, ndipo akatumizidwa ku Rumphi ndalama ya mafuta ichokera kuti? Ndani apite kukalankhula ndi ahedi a sukulu ndi ogula zitsulo a pamsika? Amene ali ndi ana a Sande sukulu awajambulire pa pepala maonekedwe atatu, chonga chinanazi chaching'ono, chonga botolo lokhala ndi zipsepse kumchira, ndi chonga chitini chafulati cha nsomba, ndipo awauze kuti akaona chotere abwere okha kudzanena, chinthucho achisiye komweko.